Kachala Kamene Ndinakasiya

Ndiyambe ndi kulumbira, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu nkhaniyi munaimva mokhotakhota: ine sindinabepo voti ya munthu. Chipani ndilibe, nsalu ya chipani sindinavalepo, ndipo ndikaona msonkhano wa ndale ndimalambalala. Koma ndine amene ndinatsala pang'ono kumangitsa mwamuna wolungama kuposa onse amene ndinawaonapo, n'kuipitsanso chisankho cha dera lathu lonse. Zida zanga zinali mwala wopalira kumapazi, mankhwala ochapira nsalu, ndi pakamwa potseka.

1

Amuna anga ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale. Anthu amawatcha a Rula. Dzinali analiyambitsa ndi ana asukulu chifukwa cha rula yachitsulo imene siichoka m'thumba la malaya awo, koma akuluakulu analitola chifukwa cha khalidwe lawo. Munthu ameneyu ngakhale polemba zokagula kumsika amayamba wajambula mizere. Ana a abale awo akalephera mayeso amawabwereza kalasi ngati wina aliyense, mpaka alongo awo anasiya kuwapatsa moni kwa chaka chathunthu.

Ine ndinkachapa ndi kusita nsalu pachipatala chachikulu. Tinakhala m'banja zaka khumi ndi chimodzi popanda mwana. Alamu anga analankhula mpaka malovu kuuma, ankati mwamuna wophunzira chotere sangafe opanda womusiyira dzina, koma a Rula ankangoyankha kuti iwo anakwatira mkazi, sanakwatire mimba. Ndinkawakonda amuna amenewa, abale inu, ndipo ndinkawaopa chifukwa cha kuwongoka kwawoko.

Chaka cha chisankho chitafika, anasankhidwa kukhala woyang'anira malo olembetsera ovota pasukulu pawo pomwepo. Anapita kumaphunziro kwa sabata imodzi, ndipo anabwerako Lachisanu masana akusangalala ngati mwana wogulidwa nsapato. Anandipeza ndikusita malaya awo oyera. Asanavule n'komwe jekete anayamba kundifotokozera za makina atsopano. Anati munthu aliyense aziika zala zonse khumi pakagalasi, makina azijambula zidindo zake, kenaka nkhope. Zonsezo zizipita kulikulu, kumene kompyuta yaikulu iziyerekeza chala chilichonse ndi zala za anthu onse m'dziko. Zolembetsa kawiri zatha. Zoti akufa amadzuka m'manda n'kukavota, zimene zinayambitsa zipolowe pachisankho chapita, zathanso.

Ndinkangoti "eee, eee," simbi ikuyenda. Kenaka anawonjezera kuti akuluakuluwo afukulanso kaundula wakale, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo pamene anayesa koyamba kujambula zala m'madera ena, ndipo amulumikiza ndi mabuku a imfa.

"Munthu anganame ndi pakamwa, Mayi, koma chala sichinama," anatero akusisita rula yawo. "Ndipo woyamba pamzere mukhala inuyo, kuti anthu aone kuti a Rula ayambira m'nyumba mwawo."

Amene anamva fungo ndi iwo. Ine ndinali nditaima chilili, simbi itakhazikika pamsana pa malaya. Zaka zonse zimene ndakhala ndikusita, ndinali ndisanawotchepo ngakhale kansalu kopukutira thukuta.

2

Kulembetsa kunali kwa masiku khumi ndi anayi. Tsiku loyamba ndinati kuntchito kwadwala munthu, andiitana m'mamawa. Lachiwiri ndinati mutu. Lachitatu ndinati sindikuona pamene ndinaika chitupa changa, pamene ndinali nditachibisa ndekha m'chitini cha mabatani. A Rula anachipeza tsiku lomwelo, chifukwa munthu wadongosolo sumubisira kanthu m'nyumba mwake.

Pamzere wa nyumba zathu pali mayi wina wogulitsa zovala kumsika, amene timamutcha Wailesi chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake imatulukira pakamwa isanazizire. Chaka chimenecho chipani china chinamusankha kukhala monita, woti azikhala pamalo olembetsera n'kumaonetsetsa kuti sipakuchitika chinyengo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anandipeza pampopi, amayi ali tho.

"Akazi a Rula, tamva kuti wophika sakudya nawo," anatero akuseka. "Mwaikamo chiyani mumphikamo?"

Amayi anaseka, nanenso ndinaseka. Pofika madzulo mbiri inali itawanda yoti makina aja ali ndi chinsinsi, n'chifukwa chake mkazi wa woyang'anira akuwazemba. Ena ankati amayamwa magazi, ena ankati amauza boma chipani chimene munthu akuchikonda. Mzere wa kusukulu unayamba kufupika. Amuna anga sanandikalipire, sadziwa kukalipa. Anangondiuza modandaula kuti anthu akubwerera pachipata chifukwa cha ine, ndipo anandifunsa ngati pali chimene anandilakwira.

Njira yothawira anandipatsa ndi iwo omwe mosadziwa. Pocheza anatchula kuti pali anthu ena, omanga nyumba ndi agogo okalambitsitsa, amene zala zawo zinafufutika moti makina amalephera kuziwerenga. Oterewo amawalembera fomu yapadera n'kuwajambula nkhope yokha.

M'mawa mwake ndinayamba ntchito. Kuchipatala ndinavula magolovesi n'kumaviika manja m'mankhwala oyeretsera nsalu, aja amene timawathira titatembenuza nkhope. Ndikafika kunyumba, a Rula asanaweruke, ndinkadzitsekera m'bafa n'kumakhula nsonga za zala pamwala wopalira kumapazi. Ndinkakhula mpaka khungu kufiira, mpaka madzi a m'beseni kusintha mtundu, nditaluma thaulo kuti aneba asamve. Masiku asanu ndinachita zimenezi. Supuni inkandigwa m'manja, batani la bulauzi linkandiliza.

Chala chimodzi chokha ndinachisiya: kachala kakang'ono ka kudzanja lamanzere. N'kopindika, kanathyoka kalekale n'kupola mokhota, ndipo amuna anga ndinawauza kuti kanapanidwa ndi makina ofinyira nsalu kuntchito. Ndikangokakanikiza pamwala, ululu unkafika mpaka paphewa. Ndinadziuza kuti kachala kolephera ngakhale kugona chafufumimba patebulo sikangawerengedwe ndi makina alionse.

3

Ndinapita tsiku lomaliza, masana. Ankalembetsera m'kalasi ya ana aang'ono, madesiki atawaunjika kukona, zithunzi za zilembo zikadali pakhoma. Patebulo la aphunzitsi panali kompyuta, kamera, ndi kabokosi kokhala ndi kagalasi kowala. Pabenchi panakhala mamonita a zipani zinayi ndi makope awo, Wailesi ali pakati. Nditalowa anawomba m'manja n'kunena kuti lero mvula igwa.

Mtsikana woyendetsa makina anatenga chitupa changa, analemba dzina, kenaka anandigwira dzanja. Ataona zala zanga anapuma mokweza. Ndinafotokoza za mankhwala a kuntchito, ndipo amuna anga, amene anaima kumbuyo kwanga, anadandaula kuti mawa lomwe akalankhula ndi akuluakulu a chipatala za magolovesi.

Chala chachikulu, nyali yofiira. Chamkombaphala, yofiira. Mtsikana anapukuta kagalasi, anayesanso, yofiira. Tinatsiriza dzanja lamanja, tinalowa lamanzere. Zala zisanu ndi zinayi makina anazikana. Kachala kopindika mtsikanayo anangokayang'ana n'kupukusa mutu, dzanja lake likupita kale pamulu wa mafomu apadera. Mtima wanga unakhala m'malo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Taimani kaye," anatero a Rula. "Lamulo likuti zala khumi. Katsala kamodzi."

Anagwada pambali panga n'kutenga dzanja langa. Kumaphunziro kuja anawauza kuti chala chikauma kwambiri, munthu achipake pamphumi, chifukwa mafuta a pakhungu amathandiza kuti mizere ioneke. Ine ndinali nditamanga duku mpaka m'nsidze. Ndiye amuna anga, pamaso pa anthu onse aja, anatenga kachala kanga n'kukapaka pamphumi pawo. Anthu anaseka, monita wina wa pabenchi anaimba likhweru, Wailesi anati chikondi chotere anachionera mufilimu mokha. Kenaka anakagoneka cham'mbali pakagalasi, pang'onopang'ono kuti ndisamve kupweteka.

Nyali yobiriwira inayaka.

Anthu anawomba m'manja. Pachithunzi chimene anandijambula pambuyo pake ndimaoneka ngati munthu amene wangouzidwa za maliro.

4

Panapita masabata asanu ndi awiri popanda chilichonse. Zala zinayamba kumera khungu, ndipo ndinayamba kudzinamiza kuti kaundula wakale uja anadyedwa ndi chiswe. Koma mlandu suwola.

Lachiwiri lina m'mawa, galimoto ya a zachisankho inaima pasukulu. Pofika masana wailesi yeniyeni inali ikulengeza kuti pamalo ena olembetsera papezeka munthu wakufa amene walembetsa kuti adzavote, ndipo woyang'anira malowo wayamba waimitsidwa. Dzina la sukulu analitchula kawiri.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, kunyumba kwathu kunabwera mayi wofufuza wochokera kulikulu, waimvi, wa magalasi, wosathamanga polankhula. Anakana tiyi. Anaika zithunzi ziwiri patebulo. China chinali changa cha m'kalasi muja. Chinacho chinali chakale, chotuwa: mtsikana wowonda, maso olowa m'kati, ndipo paphewa pake pankaoneka kadzanja ka khanda lomwe anabereka kumsana, katagwira kolala ya diresi. Anati kompyuta yapeza kuti kachala ka anthu awiriwa n'kamodzi, koma mayina ndi osiyana, ndipo mtsikanayu mabuku akusonyeza kuti anamwalira kalekale.

A Rula anachiyang'anitsitsa chithunzi chakale chija, kenaka anapuma ngati munthu amene watula mtolo. Anati nkhaniyi ndi yapafupi: ameneyu ndi mng'ono wa akazi awo, malemu, amene ndinawauza kuti anamwalira tisanakumane. Pachibale anthu amafanana, makina asokoneza.

Mayi uja anayankha kuti ngakhale mapasa obadwa tsiku limodzi safanana zala. Anati njira zilipo ziwiri zokha. Mwina makina ndi abodza, ndiye kuti kaundula yense ngwokayikitsa. Apo ayi, wina pamalo olembetsera anapeza chidindo cha munthu wakufa n'kuchilowetsa mwachinyengo, ndipo mamonita anayi alemba m'makope mwawo kuti dzanja limene linakanikiza chala chija pakagalasi linali la woyang'anira. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mayi, muli ndi chonena?"

Apa ndi pamene ndimadzida kwambiri. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndilibe.

Masiku khumi otsatira anali a moto. Mwamuna uja amene anayenda m'misika ndi m'matchalitchi kulalikira kuti chala sichinama, anayamba kuuza aliyense kuti makina alakwitsa. Anasankha kukhulupirira ine kusiyana ndi makina awo. Wailesi ndi anzake anaitola nkhaniyo n'kuthamanga nayo: ngati a Rula eni ake akuti makina amanama, kaundula atayidwe, chisankho chiimitsidwe. A chipani china ankati ayi, makina ali bwino, a Rula ndiwo anagulidwa. Anyamata a mbali ziwirizi anamenyana kumsika mpaka wina anagonekedwa m'chipatala chathu, ndipo nsalu za magazi ake ndinachapa ndine. Mawindo asanu ndi limodzi a sukulu anaswedwa ndi miyala. Munthu wina analemba ndi makala pakhoma la nyumba yathu kuti "Rula yapindika." Amuna anga anatenga ndowa ndi burashi n'kukafufuta okha. Anawonda mpaka lamba wawo anaboola bowo latsopano.

Ine ndinasowa mtengo wogwira. Ndinaganiza zothawa, ndinafika mpaka pamalo okwerera basi, ndinabwerera. Ndinaganiza zowauza a Rula zoona, koma tsiku lililonse ndinkati mawa.

Anatiitana kuti tikaonekere pamaso pa komiti yofufuza Lachinayi, ndipo anati makina adzakhalapo kuti andiyesenso pamaso pa anthu. M'mawa wa tsikulo ndikusita malaya awo, ndinaika kachala kaja pathabwa n'kunyamula simbi. Ndinaiyandikitsa mpaka ndinamva ubweya wa padzanja ukupsa. Ndinalephera, mantha anandigwira. M'malo mwake ndinakulunga dzanja lonse ndi bandeji n'kunama kuti ndapsa.

A Rula anandithandiza kumanga mfundo ya bandejiyo. Anati, "Musaope, Mayi. Ngati n'kumangidwa ndimangidwe ineyo, koma inu palibe akunyozeni."

5

Holo inadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, akuluakulu atatu, mayi wofufuza uja, ndi makina. Apolisi awiri anaima pafupi ndi chitseko. Ataona bandeji yanga, mkulu wa komiti anati adikira kuti dzanja lipole, koma pakadali pano woyang'anira aperekedwe m'manja mwa apolisi, chifukwa dera silingapitirire kuyaka. Amuna anga anatulutsa rula m'thumba n'kundipatsa kuti ndiwasungire.

Mayi wofufuza anapempha kuti asanatseke amve kaye mboni imodzi, imene anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukaipeza. Anati ndi wachibale wa malemu.

Analowa mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamtali, atavala siketi yakuda yocheperako, atakumbatira envulopu pachifuwa. Poyenda phazi lake lamanzere linkaloza m'kati pang'ono, monga ankayendera mayi anga ondibereka.

Analankhula motsitsa koma mosanjenjemera. Anati mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka ziwiri, ndipo kadzanja kamene kali pachithunzi chakale chija ndi kake. Analeredwa ndi agogo ake obereka bambo ake. Bambowo anamwalira ndi mowa iye ali sitandade 5. Anatulutsa kalata yoperepeseka m'mapindiro n'kuiwerenga: "Ndikudziwitseni kuti mng'ono wanga watisiya Lachitatu ndipo tamuika konkuno. Mwanayo mumusamale." Anati analemba ndi mayi ake aakulu, amene sanabwereko ngakhale tsiku limodzi kudzamuona.

Atafunsidwa ngati akudziwa china chokhudza mayi akewo, anati sakuwakumbukira nkhope. Chimene agogo anamuuza n'choti anali ndi kachala kopindika kudzanja lamanzere, chifukwa bambo ake anawapana ndi chitseko tsiku lina atakwiya.

Ndinamva amuna anga akutembenuka pampando. Sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana bandeji imene anamanga okha.

"Ine ndalembetsa chaka chino koyamba," anapitiriza mtsikanayo. "Kawiri konse ndinasunga ndalama ya basi n'kupita kukapalira pamanda awo. Mayi anga anazunzika ali moyo. Amene akuseweretsa zala zawo, chonde, asiyeni agone."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira ndili kutsogolo, ndikumasula bandeji ndi mano. Inagwa pansi, dzanja lopanda bala lililonse lili poyera. Ndinapaka kachala pamphumi panga, pamene panali thukuta lokwanira, n'kukagoneka cham'mbali pakagalasi monga anachitira amuna anga. Nyali yobiriwira inayaka, ndipo pakompyuta panatuluka mtsikana wowonda uja ndi dzina limene ndinali ndisanaitanidwe nalo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Makinawa sananame," ndinatero. "A Rula sanabe kanthu. Wakufayo ndine."

6

Zimene ndinauza holo ija, ndikuuzeninso inu.

Ndinakwatiwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, makolo onse atamwalira, kwa mwamuna amene ankandimenya ngati akupuntha thumba. Kawiri ndinathawa, kawiri anandipeza n'kundikoka pamsewu. Kachitatu ndinathawira kwa achemwali anga, mkulu wanga yekhayo, amene anali atangosamukira m'tauni ina yakutali ndi kalata yoti ayambe ntchito yochapa pachipatala mwezi wotsatira. Mwana ndinamusiya kwa apongozi, chifukwa ndinadziwa kuti ndikamutenga bambo ake andisaka mpaka kundipha. Ndinati ndikakhazikika ndidzamutenga.

Patangotha sabata, achemwali anadwala mwadzidzidzi. Kabuku kawo ka kuchipatala kanali katasowa posamuka, ndiye pothamanga ndinangotenga kanga, monga amachitira anthu ambiri pachibale. Anawagoneka ndi dzina langa. Patatha masiku atatu anamwalira ndi dzina langa. Kalaliki atandipatsa chikalata cha imfa, ndinaona cholakwikacho pomwepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, kenaka ndinaganiza kuti munthu wakufa sasakidwa.

M'tauni imeneyo palibe ankatidziwa, ndipo tinkafanana ngati madontho a madzi. Ndinatenga chitupa chawo, kalata yawo ya ntchito ndi dzina lawo. Kalata ija yopita kwa apongozi ndinalemba ndi dzanja langa. Ndinkaganiza kuti pakapita chaka ndidzapita ngati mayi wamkulu wa mwanayo n'kukamupempha. Mutu wanga wa nthawi imeneyo sunaone kuti kumene kuli mwana wanga ndi kokhako kumene nkhope yanga ikudziwika. Ndinadzitsekera ndekha panja. Chaka chinakhala zaka, anandisamutsira kuchipatala cha kuno, ndinakumana ndi a Rula, ndipo namwino atandifunsa pamaso pawo ngati ndinaberekapo, ndinakana.

Nditamaliza, ngakhale Wailesi anali atagwira pakamwa. Mwana wanga anapinda kalata ija bwinobwino, anaibwezera mu envulopu, n'kufunsa mayi wofufuza ngati angathe kupita tsopano.

Amuna anga anatola rula yawo pampando pamene ndinaisiya. Anandifunsa funso limodzi lokha, motsitsa, kuti anthu asamve.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikukupemphererani ndi dzina la munthu wina. Tsopano ndizikuitanani kuti ndani?"

7

A Rula anabwezeretsedwa pantchito sabata yomweyo. Chisankho chinachitika pa tsiku lake, mizere inali yaitali, ndipo palibe mwala umene unaponyedwa m'dera lathu. Wailesi yemwe uja ndiye ankayenda mumsika kuuza anthu kuti makina amene anagwira mkazi wa woyang'anira angasiye ndani. Ine sindinavote. Khoti linandipatsa chilango chogwira ntchito zothandiza anthu, ntchito ya kuchipatala inatha, ndipo zinatenga miyezi isanu ndi inayi kuti andichotse m'buku la akufa. Mtchatho wa ukwati wathu unapezeka kuti ndi wa a Rula ndi malemu achemwali anga. Iwo anasamukira kwa alongo awo. Ine ndimachita lendi kachipinda kuseri kwa msika, ndimasita zovala za anthu.

Mwana wanga ndinamulembera makalata asanu ndi awiri. Anayankha imodzi, mizere iwiri: pamanda paja pakadali dzina lolakwika, ndipo munthu amene wagona pamenepo naye ali ndi dzina lake.

Tinakumana kumandako Loweruka lina m'mawa. Anabwera ndi kachitini ka penti yoyera, ine ndinabwera ndi yakuda ndi kaburashi. Sananditchule kuti amayi, ankangoti "inu." Ndinafufuta dzina langa pachikwangwani chachitsulo, koma pofuna kulemba la achemwali chilembo choyamba chinatsetsereka. Ndinamva mapazi kumbuyo: anali a Rula. Sindinawauze za ulendowu, koma mwana wanga anali atawalembera. Sanandipatse moni. Anagwada, anatulutsa rula ndi pensulo, n'kujambula mizere iwiri yowongoka pachikwangwanipo. Kenaka anagwira chitsulocho kuti chisagwedezeke mpaka ndinamaliza.

Pobwerera aliyense anakwera basi yake. Sindikudziwa ngati a Rula adzabwerere, ndipo sindiyenera kuwakakamiza.

Inu owerenga, anthu ambiri amandifunsa ngati ndimadana nawo makina aja. Ndinadana nawo, ndinakhetsa magazi anga kuti ndiwapusitse. Koma ndinaona ndi maso anga chimene chimachitika anthu akasiya kukhulupirira kaundula wawo: miyala, magazi pansalu, mwamuna wosalakwa akuperekedwa kwa apolisi. Zonsezo chifukwa cha munthu mmodzi amene anafunsidwa ngati ali ndi chonena n'kuyankha kuti alibe. Kuthawa mwamuna wankhanza sindinalakwe, ndipo mayi amene akumenyedwa lero ndimuuza kuti athawe. Koma athawe ndi dzina lake ndi mwana wake, akagogode kumene angamuthandize. Ngati muli ndi chimene munakwirira, kachifukuleni nokha mukadali ndi mwayi wochinena ndi pakamwa panu.

Mwezi watha mwana wanga anandiimbira foni koyamba. Sitinalankhule zambiri. Anafunsa ngati kachala kaja kamapwetekabe kukazizira, ndipo ndinamuuza kuti kamapweteka.